Dekha Sapita ku Chinkhoswe

Nditabwerako ku Insaca, komwe ndinamaliza kalasi ya dezima, chaka chakhumi cha sukulu, ndinapeza khola lathu lili zii. Chitopa chinali chitadutsa m'nyengo yotentha, ndipo pa nkhuku zonse za amayi panangotsala thadzi limodzi lakuda, lomwe linali litabisala pansi pa nkhokwe kufungatira mazira.

"Iwe Talandira suyenda, sucheza," anatero amayi. "Tenga thadzilo likhale lako. Mwina nkhuku ndi zimene uziyankhula nazo."

Sankanama. Ine mawu amandithera pakhosi. Kusukulu pulofesora akandiloza, yankho ndinkalidziwa, koma linkatuluka ngati kulira kwa udzudzu mpaka anzanga kuseka. Ndinazolowera kukhala chete n'kumangoyang'ana, ndipo munthu wongoyang'ana amaona zambiri.

Thadzi lija linaswa. Anapiye atakula, ena anakhala misoti, ena atambala. Amayi ankafuna tisunge tambala wamkulu thupi, enawo tidye pa Natale, tsiku la Khirisimasi. Ndinawapempha kuti ayambe adikira. Masana aliwonse ndinkakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, misere ili m'dzanja, osagwedezeka. Wamkulu thupi uja ankabwera mothamanga, n'kujompha chala m'malo mwa msere. Wina ankabwera chammbali, phiko limodzi litagwa pansi, akundiyang'ana ndi diso limodzi ngati ndamulakwira. Koma panali wina wamtundu wa dothi, nthenga imodzi yakumchira yopindika. Ameneyu ankatola msere m'dzanja mwanga mofatsa, n'kuugwetsa pansi, n'kuitana, tu-tu-tu-tu. Misoti inkathamangira kudzadya, iye ataima pambali, mutu uli m'mwamba. Tsiku lina kabawi anadutsa chapansipansi. Iye ndiye anayamba kukuwa, nkhuku zonse zinathawira pansi pa nkhokwe, ndipo iye analowa pomalizira.

Ndinamutcha Dekha. Sindinamuthamangitsepo, ndipo ana a m'mudzi ndinkawaletsa ndi maso okha kuti asamugende. Madzulo dzuwa lisanalowe ndinkamunyamula m'khwapa, n'kuzungulira naye kintale yathu, bwalo la mkati mwa mpanda, ndikumusisita pakhosi, kenako n'kumuika m'khola. Atakula, zikhadabo zakumbuyo kwa miyendo zitatalika, sanasinthe. Anisa, mdzukulu wa Che Masudi a nyumba yoyandikana nafe, ankabwera m'mawa uliwonse ndi kachinangwa kake, n'kukhala pansi kumagawana ndi Dekha. Che Masudi ndi msodzi wa ku Amaramba, Msilamu, ndipo ndi amene amatiphera nkhuku nthawi zonse kuti mabanja athu awiri azitha kudyera mbale imodzi.

Kenako kunabwera Kapitawo.

Anabwera m'dengu, pakaliyala ya njinga ya amalume a Alberto, mchimwene wawo wa amayi. Amalume ndiwo eni mbumba kwathu. Anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, amagulitsa nsomba zouma ku Entre Lagos, ndipo akamayankhula pakhomo pathu a kuchitsime amamva.

"Mlongo, ndakubweretsera tambala weniweni," anatero akumasula dengu, ataima patali. "Osati kamsoti kovala buluku kamene mwana wakoyu amayenda nako m'khwapa. Tambala wonyamulidwa ngati khanda si tambala ayi."

M'dengumo munatuluka chitambala chofiira, chachitali miyendo, khosi lopanda nthenga. Chinayang'ana uku ndi uku, n'kulunjika pa galu wathu. Galuyo anakagona kwa aneba tsiku limenelo.

Pambuyo pake tinamva kuti akazi awo a amalume anali atamukana Kapitawo kwawo. Ife sitikanatha kukana. Sabata isanathe, misoti yanga inali itathothoka nthenga kumsana. Amayi akamasinja ankayang'ana kumbuyo ngati wakuba, ndipo miyendo yawo inadzaza timabala. Kapitawo anamenyana ndi Dekha mpaka Dekha anatuluka magazi pamutu n'kumusiyira bwalo, n'kusamukira kuseri kwa nkhokwe. Nkhuku zambiri zinamutsatira komweko. Kapitawo anakana khola. Ankagona pansonga penipeni pa mtengo wa mango, pomwe munthu sangafike.

M'mawa wina Anisa analowa ndi kachinangwa kake monga mwa masiku onse. Ndinali kubafa. Ndinangomva kukuwa, ndipo pomwe ndinkafika mwanayo anali chagada, magazi akuyenderera patsaya, pansi penipeni pa diso. Che Masudi anamutengera kuchipatala panjinga. Sanatikalipire. Anangoti, "Mulungu wasunga diso." Koma kuyambira tsiku limenelo Anisa ankangoima pakabowo ka mpanda, akusuzumira, chipsera chili patsaya.

Amayi atawauza amalume, iwo anaseka. "Ndiye kuti akulondera pakhomo! Mwana aphunzire kuodira."

Ine ndinaona zinthu ziwiri. Amalume akamalowa m'kintale mwathu ankakankha njinga mwakuti izikhala pakati pa iwo ndi Kapitawo. Ndipo anayamba kubwera atavala majombo, dzuwa likuswa mtengo, kunja kulibe ndi dontho lomwe la mvula.

Chaka chomwecho mchimwene wanga Edgar anapeza mbeta ku Insaca, dzina lake Jéssica, ndipo tsiku la chinkhoswe linapanganidwa. Mwambo wake aliyense amaudziwa: nkhoswe ya kuchimuna imanyamula tambala wamoyo m'manja, n'kumupereka kwa nkhoswe ya kuchikazi anthu onse akuona, iwonso n'kubweza msoti. Tambala ameneyo sabwerera kwawo. A kuchikazi amamudya alendo asanabalalike. Nkhoswe ya Edgar anali amalume.

Anabwera kudzakonza za ulendo, n'kukhala pampando pakhonde, njinga ataiimika kutsogolo kwawo.

"Tambala tili naye kale," anatero. "Konyamulidwa kaja. Kapite kakagwire ntchito kamodzi m'moyo wake."

Ndinali ndikupeta mpunga pambali. Lichero linaima lokha m'manja mwanga. Ndinayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi.

Amalume atapita ndinawatsatira amayi kukhitchini.

"Amayi, bwanji osapereka Kapitawo?"

"Amalume ako anena."

"Koma Dekha ndi wanga. Munandipatsa nokha."

"Iwenso ndiwe wawo," anatero amayi akukankhira nkhuni pamoto. "Usandivutitse, Talandira. Ukwati wa mchimwene wako usasokonekere chifukwa cha nkhuku."

Edgar ndinamupeza akupukuta nsapato zobwereka. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chifukwa Edgar si woipa mtima, kenako anandigwira paphewa.

"Epa, Tala, ndi nkhuku chabe. Ndidzakugulira ina kumerikado."

"Mano, achimwene, wotere sagulidwa."

"Ndiye ukawauze amalume wekha," anatero akuseka, podziwa kuti sindingathe.

Masiku otsalawo ndinaganiza zomubisa Dekha kwa Che Masudi, kapena kukamusiya kumunda. Koma tambala sabisika, m'bandakucha amadziulula yekha. Komanso ndinadzifunsa kuti ndimubisirenji, ngati kuti ndamuba. Ndinamusankha ndekha pakati pa anzake, ndinamulera ndekha. Akapita, pakhomo patsala Kapitawo, ndipo anapiye onse a chaka chamawa adzakhala ana ake.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Chapa, minibasi imene Edgar anapangana nayo, inaima kumsewu, woyendetsa akuliza hutala pafupipafupi. M'kintale munadzaza abale, azimayi atavala kapulana, zitenje zofanana, zobiriwira zamaluwa achikasu. Yanga inali pa ine. Che Masudi nawonso anaitanidwa, ndipo anaima pachipata ndi mkanjo wawo woyera, Anisa atawagwira mwendo. Amalume anafika atavala jekete ndi nsapato zonyezimira. Majombo anawasiya kunyumba, poti munthu sapita ku chinkhoswe ndi majombo. Kapitawo anali pafupi ndi mtondo, akupalasa, ndipo anthu onse ankamulambalala.

"Talandira!" anaitana amalume. "Tenga luzi umange katambala kaja. Changu, chapa ikutisiya."

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe. Dekha anabwera yekha atandiona, ndipo ndinamunyamula m'khwapa. Luzi sindinatenge. Ndinabwerera pabwalo, ndipo ndinaima pamaso pa amalume.

"Luzi lili kuti?"

"Uyu sapita."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti amalume anapendeketsa mutu. "Wati chiyani?"

"Ndati Dekha sapita, amalume."

Ulendo uno anamva onse. Mayi wina amene ankamanga mtolo wa mbale analeka. Hutala inalira kumsewu.

"Mlongo," anatero amalume osandiyang'ana, "mwana wakoyu wadwala?"

"Talandira, pereka nkhukuyo," anatero amayi motsitsa mawu.

"Ayi, amayi."

Amalume anatambasula dzanja n'kugwira mwendo wa Dekha. Ine ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi kapulana yanga yatsopano, ndipo ndinamukumbatira ndi manja onse awiri. Kuti amutenge anayenera kulimbana ndi mwana wa mlongo wawo pansi, atavala jekete, anthu akuona. Anamusiya. Dekha sanaphuphe n'komwe. Ndinkamva mtima wake ukugunda pafupi ndi wanga.

"Sukulu imeneyi!" anakuwa amalume. "Mwana ameneyu ankalephera ndi moni yemwe, lero akundiyankha ine? Ine amene ndinabereka amayi akowa kumsana kuwoloka nawo malire, zipolopolo zikulira? Ukufuna tipite kwa eni ake manja lendelende?"

"Tambala alipo, amalume."

"Ali kuti?"

Ndinaloza kumtondo. "Uyo. Munati ndiye weniweni. A kuchikazi aone tambala weniweni wa kwathu."

Kenako Che Masudi anatsokomola pachipata.

"Mwanayu sananene zoipa, Che Alberto. Tambala wa chinkhoswe amaimira mkamwini. Mukapereka amene mumamutcha msoti wovala buluku, ndiye kuti Edgar mwamutcha chiyani?"

Azimayi ena anaseka atagwira pakamwa. Edgar anayang'ana nsapato zake.

"Kapitawo ndi wa mbewu," anatero amalume. "Sadyedwa."

"Mbewu yake ndi iyo ili patsaya la Anisa," ndinatero.

Sindikudziwa kumene mawu amenewo anachokera. Anthu onse anatembenukira kwa mwanayo, iye n'kubisa nkhope mumkanjo wa agogo ake. Woyendetsa chapa anafika pachipata akukwiya, nati ngati sitinyamuka iye ali ndi anthu ena omudikira kunyanja ya Chiuta.

"Chabwino," anatero amalume. "Chabwino! Mumugwire ndiye, inu odziwa nkhuku."

"Ndi wanu, amalume," ndinatero. "Ine sandidziwa."

"Nkhoswe imagwira yokha tambala wake, achimwene," anatero mayi wina wachikulire kumbuyo, ndipo sindinadziwe ngati ankanena za mwambo kapena ankangofuna kuonerera.

Amalume anavula jekete n'kumupatsa Edgar. Anayenda chowerama kulunjika kumtondo, manja atatambasula, akuitana ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iwo, "Kapitawo, bwera, bwera mwana wanga." Kapitawo analeka kupalasa. Anagwetsa phiko limodzi, n'kuyamba kuyenda chammbali. Ine ndinadziwa chimene chikubwera, ndipo ndikhulupirira amalume ankadziwanso. Tambalayo anadumpha, miyendo patsogolo, n'kuwamenya pamsongolo. Amalume anabwerera chambuyo, n'kugunda mtondo, n'kukhala pansi. Kapitawo anadumphanso. Azimayi anabalalika akukuwa, mbale zinagwa, ndipo woyendetsa chapa anakwera pamulu wa nkhuni.

Amene sanathawe ndi amayi. Pambali pa khitchini panali chidutswa cha ukonde wakale umene Che Masudi anatipatsa kuti tizitchingira mbande za tomato. Amayi anaukoka, n'kuyenda mosafulumira, monga amayendera popita kukayanika ufa, ndipo anauponya pa Kapitawo. Tambalayo anaphupha, nakodwa, nagwa chammbali. Amayi anamupanikiza ndi bondo, n'kung'amba kansalu m'mphepete mwa mpango wawo, n'kumanga miyendo, kenako mapiko. Anamanga mfundo ina pamwamba pa inzake, mwamphamvu, ngati munthu amene wakhala akuganizira mfundo zimenezo kwa miyezi.

Anamunyamula chadodolido n'kupita naye kwa amalume, amene anali akudzikuntha fumbi, buluku litang'ambika pabondo. Amayi anagwada monga mwa ulemu.

"Achimwene, tambala wanu uyu. Mumugwire apa, mutu uloze kumbuyo."

Amalume anamulandira atatalikitsa manja. Kenako anandiyang'ana. Ndinali ndikadali pansi, Dekha ali pamiyendo.

"Iwe supita nafe," anatero. Sanakuwe ayi, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa kuja. "Ndipo umve bwino, anthu awa ndi mboni. Tsiku lako likadzafika, mwamuna akadzabwera kudzakufunsira, usadzabwere pakhomo panga. Udzafune nkhoswe ina. Kapena adzakuimire tambala wakoyo."

Mayi wina anati, "Aa, achimwene, mwana ameneyu," koma amalume anakweza dzanja. Mawu otere kwathu si ochezera. Mtsikana amene amalume ake amukana, a kuchimuna amayamba afunsa kuti analakwa chiyani. Ndikanatha kugwada pomwepo n'kupepesa, ndipo onse ankayembekezera zimenezo. Amayi ankandiyang'ana, koma nkhope yawo sinkandiuza choti ndichite.

"Ndamva, amalume," ndinatero. "Muyende bwino."

Anatuluka onse. Edgar podutsa anandigunda pang'ono ndi bondo paphewa. Che Masudi anatsalira pachipata.

"Mwanangu," anatero, "ndikusiyira Anisa. Chapa yadzaza, ndipo agogo ake aakazi ali kunyanja." Anawerama n'kunong'oneza mwanayo, "Lowa. Mwini bwalo wasamuka."

Chapa italira n'kupita, pakhomo panangoti zii. Anisa anaima pachipata nthawi yaitali, akuyang'ana kumtondo, kenako kumtengo wa mango. Sindinamuitane. Ndinamutsitsa Dekha, ndinatenga misere m'lichero, n'kukhalanso pansi dzanja lili lotambasula. Dekha anatola msere, anaugwetsa, anaitana. Nkhuku zinatuluka kuseri kwa nkhokwe imodziimodzi, zina misana ikadali yoyera, n'kufika mpaka pakati pa bwalo pomwe zinali zitaleka kufika. Patapita kanthawi ndinamva kaphazi kumbuyo kwanga. Anisa anakhala pansi atanditsamira, n'kutambasula kadzanja kake.

"Ndipatseni nanenso," anatero.

A ku chinkhoswe anabwerera dzuwa litapendeka. Amalume anatsikira kumsewu n'kulunjika kwawo. Amayi analowa m'kintale atanyamula msoti woyera wamawangamawanga, umene a kuchikazi anabweza, ndipo anauika m'manja mwanga.

"Amalume ako akuti nkhuku sakufunanso kuziona," anatero akuvula nsapato. "Kapitawo anajompha nkhoswe ya kuchikazi pachala. Anamupha mwambo usanathe. Nyama yake ngati tayala la njinga."

"Za ine anenanso chiyani?"

"Sanabweze mawu." Anakhala pakhonde n'kuyamba kusisita timabala ta m'miyendo mwawo. "Mwina adzabweza, mwina ayi. Ukuwadziwa."

Ndinamasula msoti uja n'kuuika pansi. Unaima mwamantha, khosi lili m'mwamba. Dekha anauzungulira patali, anapalasa pansi pa lichero, ndipo anaitana, tu-tu-tu-tu, mpaka unabwera.

Mvula yagwa n'kutha kuchokera tsiku limenelo, ndipo amalume sanabwezebe mawu awo. Ndikakumana nawo panjira ya kuchitsime ndimapatuka, ndimagwada, ndimapereka moni mokweza kuti amve. Iwo amayang'ana kutsogolo n'kupalasa njinga. Mawa lake ndimawapatsanso. Msoti woyera uja waswa, ndipo pa ana ake pali atambala ang'ono amene ayamba kuyesa kulira. Masana ndimakhala nawo pansi pafupi ndi nkhokwe, ine ndi Anisa, misere ili m'manja, tikuona kuti ndani akujompha chala ndipo ndani akuitana anzake.